MSIKA WA AKAVALO

Pakati pa zithunzi za nyama zojambulidwa ndi utoto ku France, ziri zowerengeka zimene zinachuka monga cithunzi ca Msika wa Akavalo. Mwini wace anali mkazi, dzina lace Rosa Bonheur, wobadwira ku Bordeaux m'caka ca 1822.

Kwa caka ndi theka maiyu anali kupita kawiri pa mlungu kumsika wa akavalo mu mzinda wa Paris, atabvala zobvala za amuna kuti ogulitsa asamceukire. Kumeneko anapenyetsetsa mayendedwe a akavalo, kupindika kwa makosi ao, ndi mphamvu ya anyamata owagwira. Zonsezi anaziika pa nsaru yaikuru, mafiti 16 m'litali ndi 8 m'mimba.

M'caka ca 1853 cithunzico cinaonetsedwa pa cionetsero cacikuru ca ku Paris, ndipo anthu anazizwa naco, pakuti akavalowo anaoneka ngati amoyo. Komabe akatswiri ena anapezapo cirema. Iwo anati nthaka, mitengo ndi thambo zinajambulidwa mwaliwiro, zosatsirizika bwino.

Apa mpamene panaoneka mtima wa mmisiriyu. Munthu wotamandidwa ndi khamu sakhumba kumva mau a omdzudzula. Koma Rosa anatenganso utoto wace, nakonzanso malo onse aja anawachulawo. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Atatsiriza m'caka ca 1855 sanabise kanthu. Kutsogolo kwa caka cakale analembapo nambala 5, kotero kuti kufikira lero pafupi ndi dzina lace pamawerengeka 1853.5.

Caka comweco Ernest Gambart, wamalonda a zithunzi ku London, anacigula ndi mafranki 40,000, ndipo Mfumukazi Victoria anacionako. Pambuyo pace cinaoloka nyanja kunka ku America. M'caka ca 1887 Cornelius Vanderbilt anacigula nacipereka ku nyumba yosungiramo zithunzi ya Metropolitan mu New York, kumene ciri mpaka tsopano.

Ambiri ofika pamenepo amayang'ana akavalo okha, osaona kanambala kaja m'munsi. Cikhalireco ndiko mboni yakuti nchito imene anthu anaiyesa yotha, mwini wace anaiona kuti ikali yosowa manja, ndipo sanacite manyazi kuibwerera.