Mayina Awiri pa Kolala Imodzi

Ku Mangochi kuno, palibe mudzi wopanda mwana wake ku Joni, ndipo ena mwa anyamatawa amadyera makina osokera. Ndiye nkhani ya Mmusomaxwell, kampani yopanga zovala ya mumzinda wa Johannesburg, si yakutali kwenikweni.

Dzinali ndi la anthu awiri: Mmuso Potsane ndi Maxwell Boko, onse a ku South Africa. Chodabwitsa n'chakuti anadziwana ngati opikisana. Onse analowa nawo mpikisano wa The Intern, womwe katswiri wa zovala David Tlale ankayendetsa posula achinyamata. Aliyense anafika ndi luso lake, akufuna kuposa mnzake. Koma poonerana ntchito, anazindikira kuti diso lawo ndi limodzi: amakonda chovala chodulidwa mwaukhondo, chokhala bwino m'thupi, chopanda phokoso. Mu 2016 analumikiza mayina awo n'kuyamba kusoka zovala za amayi.

Zipatso sizinachedwe. Mu 2017 anapambana mpikisano wa okonza zovala atsopano ku South African Fashion Week. Mu 2018 Beyoncé atabwera m'dzikolo, anavala chovala chawo. Kenako mu 2022, ku London, analandira mphoto ya Karl Lagerfeld pa mpikisano wa International Woolmark Prize, chifukwa cha zovala za ubweya wa nkhosa za merino zomwe anapanga mothandizana ndi amisiri akwawo. Mpikisanowu ndi wakalekale. Lagerfeld mwiniwake anapambanako mu 1954, pamodzi ndi Yves Saint Laurent.

Tsono tabwerani kwathu. Yendani pa Mangochi boma kapena ku Monkey Bay, muona matelala atandandalika pamakonde a masitolo, aliyense ndi makina ake, akulimbirana kasitomala mmodzi yemweyo. Wina amadziwa kudula kanzu ya pa Idi, wina ndi dolo pa madiresi a chitenje a pachinkhoswe. Luso lilipo, eti? Koma oda ya mayunifomu a sukulu yonse ikabwera, munthu mmodzi sangaithe pa nthawi yake, ndipo ntchito imapita kwina.

Kugwirizana n'kovuta, tisanamizane. Pali ndalama zogawana, pali funso loti dzina la ndani liyambe. Potsane ndi Boko funso limeneli analithetsa posokerera mayina onse awiri pamodzi. Telala amene mwakhala naye khonde limodzi zaka zisanu uja, mukumudziwa bwino kuposa momwe awiriwa ankadziwirana tsiku loyamba.