Msilikali: dzina la wapolisi lochokera ku India

Lero pa boma la Mzimba munthu akati "msilikali", anthu amaganiza za a ku Moyale Barracks ku Mzuzu. M'nthawi ya atsamunda dzinali linkakhudzanso apolisi a pa boma, aja ankayenda m'midzi ndi mfuti kusaka okana msonkho.

Mawuwa ngobwera. M'Chihindi boma amati sarkar, mawu amene Amwenyewo anabwereka ku Chiperisiya. Amalonda anawaolotsa nyanja kufika nawo ku Zanzibar, Aswahili n'kuwasandutsa serikali, ndipo akatswiri a zinenero amati kuno kwathu ndiwo anabala msilikali, kutanthauza munthu wa boma. Ku Tete nakonso wapolisi wachikuda wa Apwitikizi, amene ankagwira anthu a chibalo, ankatchedwa sipaio, kuchokera ku mawu a Chihindi oti sipahi.

Amwenye eniakewo anafika mu 1891, pamene Harry Johnston, mkulu wa boma la Angerezi kuno, anaitanitsa Asikhi kuchokera ku India motsogozedwa ndi Cecil Maguire. Iwowa, pamodzi ndi Atonga ndi Ayao amene analembedwa usilikali, ndiwo anali mphamvu ya boma latsopanoli. Mwase wa ku Kasungu anagonjetsedwa mu 1895, ndipo Inkosi Gomani ya Angoni inaphedwa mu 1896.

Angoni a M'mbelwa zonsezi ankazimva, pajatu Kasungu ndi pakhomo pomwepa. N'chifukwa chake mu 1904, Alfred Sharpe, mkulu wa boma la Angerezi panthawiyo, atakumana ndi Inkosi Chimtunga ndi mafumu anzake ku Ekwendeni, nkhani ya apolisi sinali yaing'ono. Angoni anavomera kulowa pansi pa boma la Angerezi popanda nkhondo, koma anagwirizana kuti apolisi a m'dera lawo azilembedwa pakati pa Angoni omwewo. Anachenjera ndithu, chifukwa kumangidwa ndi Mtonga, mtundu umene makolo awo ankaugwira pankhondo, chikanakhala chipongwe chosapiririka. Bwanamkubwa woyamba wa derali, Hector Macdonald, amene anthu ankangomuti Madondolo, anatsegula boma ku Hora lisanasamukire ku Mzimba, ndipo msonkho unayamba mu 1906.

Komabe msilikali, angakhale Mngoni, ankamvera amene amamulipira. Mu 1915 Chimtunga ataletsa anthu ake kupita ku mtengatenga wa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, boma linamuvula ufumu n'kumupititsa ku Chiromo. Polisi ya dziko lonse inakhazikitsidwa mu 1921, ndipo likulu lake linali ku Zomba.