Lean LaunchPad

Lean LaunchPad ndi njira yophunzitsira ophunzira a sayansi ndi uinjiniya momwe angasandutsire zinthu zimene atulukira kukhala bizinesi. Anaiyambitsa ndi Steve Blank, katswiri wa zamalonda wa ku America, ndipo inaphunzitsidwa koyamba pa yunivesite ya Stanford ku California mu Januwale 2011. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti munthu amene wapanga chinthu chatsopano sangadziwe ngati anthu akuchifuna atangokhala m'labotale kapena m'kalasi, koma ayenera kutuluka n'kukalankhula ndi anthu amene akuganiza kuti adzachigula. M'chaka chomwecho bungwe la boma la America lothandiza kafukufuku wa sayansi, la National Science Foundation, linatenga njirayi n'kuikhazikitsa ngati pulogalamu yotchedwa I-Corps.

Chiyambi

Maphunziro a kayambitsidwe ka bizinesi si achilendo m'mayunivesite a ku America. Myles Mace anayamba kuphunzitsa phunziro lotere ku Harvard mu 1947. Mu 1980 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Bayh-Dole, lomwe linalola mayunivesite kukhala eni ake a zinthu zotulukiridwa ndi ndalama za boma, ndipo kuchokera pamenepo masukulu ambiri anatsegula maofesi ogulitsa luso lawo ku makampani. Komabe kwa zaka zambiri phunziroli linkatsamira pa kulemba pulani ya bizinesi. Wophunzira ankalemba chikalata chachitali chofotokoza msika, opikisana naye ndi ndalama zimene kampani idzapeze m'zaka zisanu, ndipo ankakhoza malinga ndi kukongola kwa chikalatacho, ngakhale asanakumanepo ndi kasitomala ngakhale mmodzi.

Blank anagwira ntchito m'makampani 8 ongoyamba kumene ku Silicon Valley, yomaliza inali E.piphany, ndipo anapuma mu 1999. Atayamba kuphunzitsa ku Berkeley ndi ku Stanford, ankatsindika kuti kampani yongoyamba kumene si kampani yaikulu yochepetsedwa. Kampani yaikulu imadziwa kale makasitomala ake, mitengo yake ndi njira zogulitsira, choncho ntchito yake ndi kutsatira dongosolo. Yongoyamba kumene ilibe chodziwa, ili ndi zongoganizira basi, ndiye ntchito yake ndi kufufuza. Maganizowa anawalemba m'buku lake The Four Steps to the Epiphany, ndipo Eric Ries, yemwe anaphunzirapo kwa Blank, anawakulitsa m'buku la The Lean Startup la mu 2011.

Momwe phunziroli limayendera

Ku Stanford phunziroli limatenga pafupifupi masabata 10. Ophunzira amalowa m'magulu ang'onoang'ono, nthawi zambiri a anthu anayi, ndipo gulu lililonse limabwera ndi ganizo lake la bizinesi. Pa tsiku loyamba amalemba zonse zimene akuganiza pa pepala limodzi lotchedwa Business Model Canvas, lomwe anakonza ndi Alexander Osterwalder wa ku Switzerland. Pepalali lili ndi mabokosi 9: ogula ndani, phindu lomwe chinthucho chiwapatsa, njira yochifikitsira kwa iwo, ubale ndi ogulawo, kumene ndalama zizichokera, zipangizo zofunika, ntchito zofunika, ogwira nawo ntchito, komanso ndalama zowonongedwa. Chilichonse cholembedwa m'mabokosimo chimatengedwa ngati chongoganizira chofunika kuchiyesa, monga mmene wasayansi amayesera ganizo lake m'labotale. N'chifukwa chake njirayi imamveka msanga kwa anthu a sayansi kusiyana ndi maphunziro ena a zamalonda.

Sabata iliyonse gulu limayenera kucheza ndi anthu 10 kapena kuposerapo, kuti pofika kumapeto akhale atakwana 100. Macheza amenewa si otsatsa malonda. Wophunzira amafunsa za vuto limene munthuyo amakumana nalo, momwe amalithetsera panopa, ndalama zimene amawononga, ndi amene amavomereza kugula zinthu pamalopo. Funso lomalizali ndi limene limadabwitsa mainjiniya ambiri. Mwachitsanzo, chipangizo cha m'chipatala amachigwiritsa ntchito ndi namwino, amachilamula ndi dokotala, amachigula ndi ofesi yogula katundu, ndipo ku America kawirikawiri amalipira ndi kampani ya inshulansi. Namwino akhoza kuchikonda kwambiri koma chinthucho osagulidwa.

M'kalasi mulibe zolankhula zambiri za mphunzitsi, chifukwa maphunzirowo ophunzira amaonera okha pa intaneti asanabwere. Nthawi ya m'kalasi ndi yoti gulu lililonse liimirire n'kufotokoza zimene linkaganiza, amene linalankhula nawo, zimene lapeza ndi zomwe lichite sabata yotsatira. Aphunzitsi amadziwika kuti amadzudzula mosapsatira mawu, ndipo gulu limene silinatuluke kukacheza ndi anthu silikhala ndi pobisala. Ngati zopezazo zikutsutsa ganizo loyamba, gulu limasintha makasitomala, chinthucho kapena njira yopezera ndalama. Limapanganso chitsanzo chosavuta cha chinthucho, chokwanira kungoonetsa anthu kuti aweruze, m'malo mowononga chaka chathunthu kumanga chinthu chomalizidwa.

Chitsanzo cha Blue River Technology

Limodzi mwa magulu a m'kalasi yoyamba ya 2011 linali ndi Jorge Heraud ndi Lee Redden. Iwo anabwera ndi ganizo lopanga makina otchetcha udzu oyenda okha, a m'mabwalo a gofu ndi m'mapaki. Atacheza ndi osamalira malowo anapeza kuti chidwi chinali chochepa. Alimi ndiwo anawauza vuto lenileni: kupalira m'minda ya ndiwo zamasamba kunkadya ndalama zambiri ndipo antchito ankasowa. Gululo linasiya za udzu wa m'mabwalo n'kuyamba kupanga makina okhala ndi makamera otha kusiyanitsa mbewu ndi tchire. Kampani yawo, Blue River Technology, inayamba ndi makina opatulira letesi, kenako makina opopera mankhwala pa tchire lokha osati munda wonse. Mu 2017 kampani ya John Deere inaigula pa mtengo wa madola 305 miliyoni. Nkhaniyi imatchulidwa kawirikawiri pofotokoza njirayi, ngakhale kuti magulu ambiri safika pamenepa.

I-Corps

National Science Foundation inalengeza I-Corps mu Julaye 2011, pa nthawi imene mkulu wake anali Subra Suresh. Magulu 21 oyamba anaphunzira ku Stanford mu Okutobala chaka chomwecho. Gulu lililonse limakhala ndi anthu atatu: wotsogolera za bizinesi, yemwe nthawi zambiri ndi wophunzira wa digiri yapamwamba, katswiri wa lusolo, yemwe kawirikawiri ndi pulofesa, ndi mlangizi wodziwa za makampani. Gulu limalandira madola 50,000, limaphunzira masabata 7 ndipo liyenera kucheza ndi anthu osachepera 100. Pomaliza limanena ngati lipitirize kuyambitsa kampani kapena ayi. Gulu likanena kuti ayi silitengedwa ngati lalephera, popeza lapulumutsa zaka ndi ndalama zimene zikanathera pa chinthu chopanda wochigula, ndipo pulofesayo amabwerera ku labotale akudziwa mafunso amene makampani akufuna kuti ayankhidwe.

Mu 2012 maphunzirowa anafalikira ku Georgia Tech ndi ku yunivesite ya Michigan. Bungwe la zaumoyo la National Institutes of Health linayambitsa pulogalamu yake mu 2014, ndipo unduna wa zamphamvu unatsatira mu 2015 pophunzitsa asayansi a m'malabotale a boma. Mu 2016 ku Stanford kunayamba phunziro lina lochokera ku njira yomweyi, la Hacking for Defense, limene ophunzira amalimbana ndi mavuto operekedwa ndi asilikali.

Zofooka zake

Njirayi inabadwira m'makampani a mapulogalamu a kompyuta, kumene chinthu chimatha kusinthidwa m'masiku ochepa. Mankhwala atsopano sali choncho: amatenga zaka zambiri akuyesedwa ndipo sangaperekedwe kwa odwala pongofuna kumva maganizo awo. Pachifukwachi mu 2013 phunziroli linakonzedwanso mwapadera ku yunivesite ya California ku San Francisco kuti ligwirizane ndi zachipatala, poika mtima pa malamulo a boma, umwini wa luso ndi amene adzalipire.

Vuto lina ndi la nambala ya 100 ija. Ophunzira ena amangothamangira kukwanitsa chiwerengero pocheza ndi anzawo kapena anthu osavuta kuwapeza, ndipo anthu ambiri akafunsidwa amayankha mwaulemu kuti chinthucho n'chabwino pomwe alibe cholinga chochigula. Palinso odandaula kuti kufunsa ogula kumakokera asayansi ku zinthu zing'onozing'ono zogulitsika msanga, pomwe zotulukira zina zikuluzikulu zimayamba anthu asanadziwe kuti adzazifuna.