Kumpoto kwa Yani? Mbiri ya Liwu la North

Pa mapu ambiri omwe amapachikidwa m'makalasi pamakhala kamuvi kakang'ono pangodya, ndipo pamwamba pa kamuviko pamalembedwa chilembo cha N. Chilembochi chimaimira liwu la Chingerezi loti north, lomwe m'Chichewa ndi kumpoto. Ana ambiri amakula akuganiza kuti kumpoto ndi kumwamba, kummwera ndi kunsi, ndi kuti zinthu zakhala chomwechi chilengedwere dziko. Komatu mbiri ya liwuli ikuphunzitsa zina. Kwa zaka zoposa chikwi, tanthauzo la north lakhala likudalira pomwe woyankhula waima, ndipo kawirikawiri amene anali ndi mphamvu ndiye ankatchula maina kuchokera pomwe iye anaima.

Liwuli ndi lakale kwambiri, ndipo lili ndi abale ake m'Chijeremani, m'Chidatchi ndi m'ziyankhulo za ku Scandinavia. Akatswiri ambiri a ziyankhulo amati tsinde lake linkatanthauza kumanzere kapena kunsi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu akaima mmawa kuyang'ana kotulukira dzuwa, kumpoto kumakhala kudzanja lake lamanzere, kummwera kudzanja lamanja. Aluya nawo anaganiza chimodzimodzi, pakuti m'chiyankhulo chawo liwu la kumpoto ndi la kumanzere zimachokera pa tsinde limodzi. Tsono pachiyambi penipeni mbali yolemekezeka inali kummawa, ndipo kumpoto inali mbali ya pambali chabe.

Kwa Mngerezi wakale, north kunali kochokera mavuto. Dziko la Mangalande lili kutali kumpoto kwa mzere wa Ikweta, kotero kuti masana dzuwa limaoneka chakummwera chaka chonse, pomwe kumpoto kumachokera mphepo yozizira ndi chisanu. Mlimi wa kumeneko amafuna kuti khomo la nyumba yake ndi munda wake ziyang'ane kummwera. Kuno ku Malaŵi zinthu n'zotembenuka. M'mwezi wa Juni dzuwa la masana limapendekera kumpoto, ndipo mphepo yozizira yomwe asodzi a panyanja amaiopa ndi mwera. Mpoto ndi mphepo yofunda ya nyengo ya dzinja, yobwera ndi mvula. Achewa anatchula mbali ziwirizi potsata mphepo, Angerezi potsata dzuwa, ndipo ngakhale mawu awiriwa amaloza mbali imodzi, sadzetsa maganizo ofanana mumtima mwa eni ake.

M'chaka cha 793 mantha a Angerezi pa za kumpoto anakula. Ankhondo a m'ngalawa ochokera ku Scandinavia anathira nkhondo nyumba ya amonke pa chilumba cha Lindisfarne, napha anthu ndi kufunkha chuma. Anthu amenewa ankatchedwa Northmen, ndiye kuti amuna a kumpoto. Patapita zaka pafupifupi 100, mmodzi wa iwo dzina lake Ohthere anafika mwamtendere ku bwalo la Mfumu Alfred, nafotokoza kuti iye ankakhala kumpoto kwenikweni kuposa anthu onse a mtundu wake. M'nkhani yake yomweyo mukupezeka dzina lomwe lero ndi Norway, lomwe ambiri amalimasulira kuti njira ya kumpoto. M'chaka cha 911 mfumu ya France inapatsa mtsogoleri wawo wina, Rollo, dera la m'mphepete mwa nyanja kuti aleke nkhondo, ndipo deralo linatchedwa Normandy, dziko la amuna a kumpoto. Zidzukulu zawo zinaphunzira Chifalansa, ndipo mu 1066, motsogozedwa ndi William, zinawoloka nyanja n'kugonjetsa Mangalande pa nkhondo ya ku Hastings. Chodabwitsa n'chakuti amuna a kumpotowa anafika ku Mangalande kuchokera kummwera.

Maina a malo a ku Britain ndiwo mboni zabwino pa nkhaniyi. Norfolk atanthauza anthu a kumpoto, ndipo Suffolk atanthauza anthu a kummwera, ngakhale madera awiriwa ndi oyandikana, onse ali kummawa kwa dzikolo. Northumbria unali ufumu wa kumpoto kwa mtsinje wa Humber. Koma kunsonga ya kumpoto kwa Scotland kuli dera lotchedwa Sutherland, kutanthauza dziko la kummwera. Dzinali analipereka ndi anthu a ku Scandinavia omwe ankalamulira zilumba za Orkney, ndipo kwa iwo deralo linalidi kummwera. Nayo nyanja yomwe Angerezi amaitcha North Sea ili kummawa kwa Mangalande, pomwe anthu a ku Denmark amaitchanso nyanja ya kumadzulo. Dzina lililonse likuulula pomwe wolitchula anaima.

Nanga kumpoto kunakwera liti pamwamba pa mapu? Sikunali pamenepo nthawi zonse. M'chaka cha 1154 katswiri wa Chisilamu, al-Idrisi, wobadwira ku Ceuta kumpoto kwa Afrika, anamaliza mapu a dziko omwe anajambulira Mfumu Roger II ya ku Sicily. Mfumuyi inali yochokera ku mtundu womwe uja wa ku Normandy, komabe pa mapu akewo kummwera ndiko kunali pamwamba, ndipo Afrika anali pamwamba pa Ulaya. Mapu otchuka omwe akusungidwa m'tchalitchi chachikulu cha ku Hereford, ojambulidwa cha m'ma 1300, anaika kummawa pamwamba ndi mzinda wa Yerusalemu pakati. Kusintha kunadza pamene buku la Ptolemy, katswiri wakale wa ku Alexandria, linamasuliridwa m'Chilatini kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndipo mapu otsata bukulo anaika kumpoto pamwamba. Gerardus Mercator anatsata njira yomweyo pa mapu ake a mu 1569 othandiza amalinyero. Popeza zombo za ku Ulaya ndizo zinafika m'maiko ambiri, mapu awo anafika nazo pamodzi, mpaka chizolowezi cha anthu a chigawo chimodzi chinasanduka ngati lamulo la dziko lonse.

Amalinyerowo anali ndi zifukwa zawo. Usiku ankadalira nyenyezi ya Polaris, yomwe imaoneka ngati yosasuntha kumpoto pomwe nyenyezi zina zikuizungulira. Nyenyeziyi sioneka ku Malaŵi, chifukwa imabisika munthu akapitirira Ikweta kulowera kummwera. Ankadaliranso kampasi, koma nayo ili ndi nkhani yake. Atchaina, omwe anayamba kuigwiritsa ntchito, ankaitcha singano yoloza kummwera, pakuti singano ili ndi nsonga ziwiri ndipo munthu amasankha yekha yoti aiyang'ane. Kuonjezera apo, singanoyo siloza kumpoto kwenikweni kwa dziko koma ku malo ena komwe mphamvu ya maginito imaikokera. James Clark Ross anafika pa malowo mu 1831 kumpoto kwa Canada, koma kuchokera nthawi imeneyo malowo akhala akusendera chaku Siberia. Ndiye chifukwa chake Chingerezi chimasiyanitsa true north ndi magnetic north.

Ku Amereka liwuli linasenza tanthauzo lina lolemera. Kumeneko North linakhala dzina la zigawo zomwe zinathetsa ukapolo, ndipo South la zigawo zomwe zinkalima thonje ndi fodya pogwiritsa ntchito akapolo ochokera ku Afrika. Kapolo wothawa, wopanda mapu ndiponso wosadziwa kuwerenga, ankayenda usiku akuyang'ana nyenyezi ya kumpoto ija. Frederick Douglass, yemwe anathawa ukapolo iye mwini, anayambitsa nyuzipepala mu 1847 naitcha The North Star. Koma lamulo la mu 1850 linakakamiza anthu a zigawo za kumpoto kubweza akapolo othawa kwa ambuye awo, kotero ambiri anayenera kupitirira ulendo mpaka ku Canada. Kwa iwo kumpoto kunasendera patsogolo pamene ankayesa kuti afika. Ukapolo unathetsedwa m'dzikomo pomwe North inagonjetsa South pa nkhondo ya pachiweniweni ya 1861 mpaka 1865.

Atsamunda anabwera nalo liwuli kuno kummwera kwa Afrika. Dziko la Zambia linkatchedwa Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1964, ngakhale lonse lili kummwera kwa Ikweta. Linali kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi poyang'ana kuchokera ku Salisbury ndi ku Cape Town, komwe kunali eni mphamvu. Ku migodi ya golide ya ku Johannesburg nako liwuli linakhudza miyoyo ya anthu. Amuna ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22 kummwera kwa Ikweta, kuphatikizapo a ku Nyasaland, ankafa kwambiri ndi chibayo, motero mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba ntchito anthu a kumeneko. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo bungwe la Wenela linayambanso kutenga amuna ambirimbiri. Mnyamata wa ku Dedza kapena ku Mzimba ankawerengedwa wa kumpoto m'mabuku a anthu omwe sanaonepo mudzi wake.

M'chaka cha 1980 komiti yotsogozedwa ndi Willy Brandt, yemwe kale anali mtsogoleri wa West Germany, inatulutsa lipoti lonena za umphawi pa dziko lapansi. Lipotilo linagawa maiko pawiri: North, kutanthauza maiko olemera a mafakitale, ndi South, kutanthauza maiko osauka. Mzere wogawawo unakhota mpaka kuika Australia ndi New Zealand m'gulu la kumpoto, ngakhale New Zealand ili kummwera kwambiri kuposa Malaŵi. Apa liwuli linasiyana kotheratu ndi dzuwa, nyenyezi ndi kampasi, n'kusanduka dzina la chuma.

Motero liwu lomwe linayamba ngati dzina la dzanja lamanzere lakhala dzina la adani a m'ngalawa, la ufulu wa kapolo, la dziko lolamulidwa ndi atsamunda, ndiponso la maiko olemera. Wophunzira ayenera kudziwa bwino komwe kamuvi ka pa mapu kakuloza, chifukwa woyendetsa ndege ndi woyeza malo sangagwire ntchito popanda mgwirizano umenewu. Koma ayeneranso kukumbukira kuti ndi mgwirizano wa anthu chabe. Mapu atazondotsedwa, Karonga angakhale kunsi ndipo Nsanje pamwamba, koma mtsinje wa Shire ungapitirirebe kuyenda kupita ku Zambezi monga kale. Choncho akamva liwu loti north m'nkhani za mbiri kapena za chuma, ndi bwino kuti ayambe wafunsa kuti wonenayo waima pati.