MBIRI YA MORPHINE NDI BONGO WA MUNTHU

Mwamuna wa kwa Tembwe, ku Chama m'cigwa ca Luangwa, akapita ku nchito ya m'migodi ku Nkana kapena ku Mufulira, mwina mwala umthyola mwendo. Ku cipatala dotolo amlasa nyeleti, ndipo ululu uleka msanga ndithu. Kawirikawiri mankhwala amenewo ndiwo morphine. Kodi anacokera kuti, ndipo acita ciani m'bongo?

Morphine acokera mu opium, ndiwo utomoni wa duwa lochedwa poppy. Ca m'ma 1805 mnyamata wa ku Germany, Friedrich Sertürner, ndiye anayamba kupatula morphine mu utomoniwo. Mu 1898 kampani ya Bayer inapanganso heroin kucokera mu morphine, niigulitsa ngati mankhwala a cifuwa. Koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere: ambiri amene anamwa masiku oculuka analephera kuleka, ndipo anthu anangowayesa ofooka mtima.

Cifukwa cace ceniceni cinayamba kudziwika mu 1973, pamene Candace Pert ndi Solomon Snyder ku Baltimore anapeza kuti m'bongo muli timaloko tating'onoting'ono tochedwa ma receptor, ndipo morphine ndiye kiyi wace. Mu 1975 John Hughes ndi Hans Kosterlitz ku Aberdeen anaonetsa kuti thupi lipanga lokha makiyi ace oziziritsa ululu.

Tsono kiyi wacilendo akamalowa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, bongo udzichinjiriza. Timaloko tina tileka kumvera, tina tibisika m'kati mwa mitsempha, ndipo mitsemphayo iyamba kugwira nchito mopitirira kuti ilake mankhwalawo. Cotero muyeso wa dzulo sukwanira lero. Munthuyo akaleka mwadzidzidzi atuluka thukuta, atsegula m'mimba, mafupa amuwawa, ndipo tulo timthawa. Si ufiti ai. Ndi nthenda, ndipo madotolo aiciza pocepetsa muyeso pang'onopang'ono kapena popatsa mankhwala ena onga methadone.

Ngozi yaikuru iri apa. Munthu akakhala kumudzi osamwa, timaloko tija tiyambanso kumvera. Akabwerera ku tauni natenga muyeso wace wakale, mankhwala afooketsa mbali ya bongo yoyendetsa kupuma, ndipo angathe kufa ali m'tulo, makamaka ngati wamwanso mowa.

Mu 1989 boma la Zambia linakhazikitsa Drug Enforcement Commission kuti iletse malonda oipa a mankhwala otere. Codeine wa m'mankhwala ena a cifuwa, amene anyamata ena amwa kuti aledzere, asanduka morphine m'ciwindi natsegula timaloko tomweto. Wobvulala asaope nyeleti ya dotolo ya masiku owerengeka, pakuti ndi cifundo cacikuru. Coopsya ndico botolo logulidwa mobisa ndi kumwedwa popanda woyang'anira.