Galimoto za muscle car zinafapo kale

Mu 1964 John DeLorean ndi anzake a ku Pontiac anazembera lamulo la kampani yawo ya General Motors, lomwe linkaletsa kuika injini zikuluzikulu m'galimoto zapakatikati. Anatenga Tempest, galimoto wamba ya banja, n'kuikamo injini ya V8 ya malita 6.4, ndipo anaigulitsa ngati chowonjezera chabe chotchedwa GTO. M'chaka choyambacho zinagulidwa zoposa 32,000. Kunena zoona, luso lenileni linali pa mtengo: mnyamata wa pafakitale ku Detroit ankatha kuigula ndi malipiro ake, usiku n'kukathamangitsana ndi anzake mu Woodward Avenue. Muscle car ina, Plymouth Road Runner ya 1968, inkayambira pansi pa madola 3,000.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Makampani a inshuwalansi anakweza ndalama kwa achinyamata oyendetsa galimotozi, lamulo la Clean Air Act la 1970 linapanikiza utsi, ndipo mu 1973 mayiko a Aluya ataimitsa kugulitsa mafuta ku America, anthu anayamba kufola pamalo omwetsera petulo. Pofika 1975 GTO inali italekedwa. Komabe malamulo omwewo ndi amene anakakamiza akatswiri kuphunzira kuyendetsa injini ndi kompyuta ndi kupopera mafuta moyeza, mpaka Dodge Challenger Hellcat ya 2015 inatulutsa horsepower 707, kuposa galimoto iliyonse yamtunduwu ya m'ma 1960. Choncho amene amati malamulo a utsi ndiwo mdani wa muscle car akuiwala theka la mbiriyi.

Mu December 2023 Dodge inasiya kupanga Challenger ku Brampton, ku Canada, ndipo Chevrolet Camaro inathanso nthawi yomweyo. M'malo mwa Challenger munabwera Charger Daytona yoyendera magetsi, yokhala ndi zokuzira mawu zotengera kulira kwa injini. Okonda galimotozi amati popanda kubangula kwa V8 palibe muscle car, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa kugwedezeka komwe munthu amakumva m'chifuwa injini ikalira sikungapangidwe ndi sipika. Koma phokosolo silinali cholinga cha DeLorean, linkangotsatira injini yaikuluyo. Pa nkhani ya liwiro magetsi salephera, pakuti mota yake imapereka mphamvu yonse galimoto ikangonyamuka.

Chodetsa nkhawa ndi mtengo. Charger Daytona inatuluka pa madola pafupifupi 60,000, ndiponso ndi yolemera matani oposa 2.5 chifukwa cha mabatire. Wina anganene kuti ndalama zinatsika mphamvu kuyambira 1968, ndipo n'zoona, koma madola 3,000 a nthawi ija safika theka la mtengo umenewu lero. Ogula ake ndi anthu akuluakulu a ndalama zawo, pamene wachinyamata amene GTO inapangidwira sangaiyandikire. Mabatire akadzatsika mtengo, n'kupezeka kampani yolimba mtima yoika mota yamphamvu m'galimoto yake yotchipa, ntchito ya 1964 idzakhala itachitikanso, kaya ndi phokoso kaya popanda.