Harald zur Hausen ndi katemela amene anafika ku Chongwe mu 2013

Mu 2013 manesi anayamba kuyenda m'masukulu a m'maboma atatu, Lusaka, Kafue ndi Chongwe, kubaya atsikana aang'ono katemela wa HPV. Boma linali kuyesa kaye ngati nchitoyi ingatheke m'dziko lonse. Kuno kwa amai Nkomeshya, kholo limene linadabwa silinalakwe. Katemela tinam'dziwa wa cikuku ndi wa poliyo, matenda opatsilana. Nanga khansa ikhala bwanji ndi katemela? Yankho lake lili mu nchito ya dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndipo nkhani yake iyambila kuno ku Africa.

Mu 1961 dokotala wa opaleshoni ku Mulago ku Kampala, Denis Burkitt, anakwela motoka yakale ya Ford ndi anzake awili, Ted Williams ndi Cliff Nelson. Anayenda mamailosi pafupi-fupi 10,000 m'milungu 10, kupyola ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland mpaka ku South Africa. Pa cipatala ciliconse anali kufunsa za cotupa ca m'nsagwada cimene cinali kupha ana. Anapeza kuti cotupaco cimaculuka kumalo otentha ndi a mvula yambili, kumene kulinso malungo. Conco anthu anayamba kuganiza kuti mwina pali kalombo. Mu 1964 ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anakaonadi kalomboko m'maselo ocokela ku Uganda. Ndiko kamene lelo kachedwa Epstein-Barr.

Zur Hausen anabadwa mu 1936 ku Gelsenkirchen. Mu 1966 anapita ku Philadelphia kukagwila nchito ndi Werner Henle ndi mkazi wake Gertrude, amene anali kufufuza kalombo komweka. Panali cinthu cosokoneza: m'maselo ambili a cotupa kalombo sikanali kuoneka, ngakhale ndi makina amphamvu. Iye anaganiza kuti kalombo kangathe kuvula cikopa cake ndi kusiya cabe DNA yake m'selo, malangizo aja amene amauza selo zocita. Atabwelela kwao ku Würzburg, mu 1970 anaonetsa kuti DNA ya Epstein-Barr ilimo m'zotupa za Burkitt. Phunzilo limeneli anayenda nalo moyo wake wonse: ukafuna kalombo mu khansa, usafune thupi lake, funa DNA yake.

Za khansa ya khomo la cibalilo, madokotala anali ataona kale kuti iyendelana ndi kugonana. Mu 1842 dokotala wa ku Verona, Rigoni-Stern, anaona m'mabuku a imfa kuti khansa ya cibalilo inali yosowa pakati pa masisitele. Pofika zaka za m'ma 1970, akatswili ambili anali atagwilizana kuti wolakwa ndi kalombo ka herpes. Zur Hausen, amene tsopano anali ku Erlangen, anafuna-funa DNA ya herpes m'zotupa za azimai, koma sanaipeze. Mu 1974 anakanena zimenezi pa msonkhano ku Florida, ndipo anzake sanakondwe nazo. Munthu kuimilila pakati pa akulu-akulu ndi kuwauza kuti mbewa imene akukumba mulibe m'dzenjemo, si nkhani imene amakuombela m'manja.

Iye anali kuganizila tuzilombo twa njelewele, twa mtundu wa papilloma. Anali atawelenga malipoti akale a njelewele za kumaliseche zimene nthawi zina zinasanduka khansa, ndipo mu 1976 analemba poyela kuti kumeneko ndiko kofunika kuyang'ana. Vuto linali lakuti tuzilomboti sitimela m'mbale za m'labu, ndipo tuli mitundu yambili. Gulu lake, limene linasamukila ku Freiburg mu 1977, linayamba kutusanthula mtundu ndi mtundu. Iye ndi Lutz Gissmann anapeza HPV 6 m'njelewele, kenako HPV 11. Koma mitundu iwili imeneyi sinali kupezeka kweni-kweni mu khansa. Pamenepa munthu wina akanaleka.

Njila imene anatsata ndi yocititsa cidwi. DNA ili ndi zingwe ziwili zimene zimagwilana monga zipi ya cola. Ukatenga cingwe cimodzi ca kalombo kodziwika, n'kuciika cizindikilo, n'kucithila pa DNA ya cotupa, cimakakamila pamene capeza cinzake. Iwo anafewetsa mayesowo kuti cingweco cigwile ngakhale pa wacibale wofanana naco pang'ono cabe. HPV 11 inakhala nyambo. Mu 1983 wophunzila wake Matthias Dürst anakola nayo mtundu watsopano, HPV 16, umene unapezeka pafupi-fupi mu theka la zotupa zimene anapima. Caka cotsatila Michael Boshart anapeza HPV 18. Lelo tidziwa kuti mitundu iwili imeneyi ndiyo imabweletsa pafupi-fupi 70 pelesenti ya khansa ya khomo la cibalilo padziko lonse.

Kupeza kalombo m'cotupa sikutanthauza kuti ndiko kacititsa. Ntchentche imapezeka pa cilonda koma si ndiyo inatema munthu. Umboni unabwela poyang'ana majini. (Apa sitikamba majini a ziwanda iyai. Jini ndi kacigawo ka DNA kokhala ndi lamulo limodzi.) Mu 1985 gulu la zur Hausen linaonetsa kuti DNA ya kalombo imaloweka mkati mwa DNA ya selo la munthu, ndipo majini ake awili, E6 ndi E7, amakhala akugwila nchito nthawi zonse. Anapeza zimenezi ngakhale m'maselo a HeLa, amene anatengedwa kwa Henrietta Lacks ku Baltimore mu 1951 iye osadziwa, ndipo m'maselo amenewo munali HPV 18. Asayansi a ku America anatsiliza kufotokoza ca m'ma 1990. Selo lililonse lili ndi mlonda wochedwa p53, amene amaimitsa kapena kupha selo likawonongeka, ndipo lili ndi mabuleki ochedwa pRb oletsa kugawikana mosalekeza. E6 imawononga mlonda, E7 imadula mabuleki. Cotsala ndi lole yotsika pa Manenekela popanda coimitsa.

Pali mfundo ziwili apa zimene ndiona kuti sizikambidwa mokwanila kumakiliniki. Yoyamba, kuwonongeka kumeneku kumacitika m'maselo a khomo la cibalilo cabe, conco si matenda a kumtundu amene mai amapatsila mwana wake m'magazi. Yaciwili, anthu ambili ogonana amatenga HPV nthawi ina, amuna ndi akazi omwe, ndipo thupi limaicotsa lokha m'caka cimodzi kapena ziwili. Mkazi amene wadwala khansayi si ndiye kuti anali woyenda-yenda. Mwamuna mmodzi akwanila.

Zur Hausen anapita kumakampani a mankhwala mu 1984 kuwapempha kuti apange katemela, koma anamukana. Anadzapanga ndi ena: Ian Frazer ndi Jian Zhou ku Brisbane, Douglas Lowy ndi John Schiller ku America. Anapeza njila yopangila cikopa ca kalombo copanda DNA mkati, cimene thupi limaphunzilapo kumenya nkhondo koma sicingadwalitse. Mphekesela zakuti katemelayu amatseka cibalilo zilibe pogwila. Katemela woyamba, Gardasil, anavomelezedwa mu 2006. Mu 2008 zur Hausen analandila mphoto ya Nobel pamodzi ndi Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier, amene anapeza HIV. Kwa ife a ku Zambia maina awiliwa kukhala pamodzi n'zomveka, cifukwa mkazi amene ali ndi HIV ali pa ngozi ya khansayi kuwilikiza pafupi-fupi ka 6.

Mu 2006 momwemo, Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu anayambitsa ku Lusaka nchito yopima azimai ndi viniga. Nesi amapaka viniga pa khomo la cibalilo, malo amene ayamba kusintha amayela, ndipo angathe kuwapseleza ndi mpweya wozizila tsiku lomwelo. Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa mu 2007, ndipo katemela anafika m'dziko lonse mu 2019, kuyambila pa atsikana a zaka 14. Zur Hausen anamwalila mu May 2023.

Katemela sacilitsa munthu amene ali kale ndi kalombo, n'cifukwa cake amabaya ana aang'ono, ndipo amai ao afunikabe kupimitsa. Kucokela pa kutenga HPV kufika pa khansa pamapita zaka 15 mpaka 20, ndiye zotulukapo zimacedwa kuoneka. Ku Sweden, kumene anayamba msanga, kafuku-fuku wa mu 2020 anapeza kuti atsikana amene anabayidwa asanafike zaka 17 ngozi yao inatsika ndi 88 pelesenti. Atsikana a ku Chongwe a mu 2013 aja tsopano ndi azimai a zaka za m'ma 20, ena ali ndi ana kumbuyo. Zao zidzawelengedwa m'mabuku a Cancer Diseases Hospital ca m'ma 2030 ndi 2040.